Mlonda wa Abiti Mangalande

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ababa anandipatsa ntchito ya ulonda, ndipo chimene ndinkalondera chinali galimoto. Inali yakalekale, yobiriwira, ya mipando yachikopa yong'ambika, imene anagula kwa mzungu wina wokalamba wa ku Chembe itasiya kale kuyenda. Anthu a m'tauni ya Mangochi anaipatsa dzina loti Abiti Mangalande, kutanthauza mwana wamkazi wa ku Mangalande. Amayi ankati ndi mkazi mnzawo, chifukwa ababa akaweruka ku ntchito yawo yokonza magetsi a galimoto za anthu, ankayamba kulonjera iyo asanalonjere ife.

Chimene chinawadyera miyezi chinali ovadiraivi. Aka ndi kagiya kowonjezera kamene kamakhala kumbuyo kwa giyabokosi, ndipo kamalowa ndi magetsi. Ukafika pa msewu wa tala n'kutsegula kaswichi ka pafupi ndi chiwongolero, injini imatsitsa mawu, galimoto n'kumathamanga osamwa mafuta ambiri. Mawaya ake onse anali atadyedwa ndi makoswe. Ababa ankagona chagada pansi pa galimoto atayala thumba la feteleza, ine nditakhala pampando ndi kababu koyesera moto. Anakoka waya watsopano kuchokera pa fyuzi, kudutsa pa kaswichi, kutsikira pansi mpaka pa solenoidi, kachitsulo kokankha giyayo. Fungo la oyilo wakale ndi la tepi wotenthedwa ndi dzuwa linkandikanirira m'zovala mpaka ku madrasa. Tsiku limene solenoidi inalira koyamba kuti tha, ababa anatuluka pansipo nkhope ili bii, mano okha ali mbee.

Panatsala chinthu chimodzi. Pa giyabokosi pamayenera kukhala kaswichi kena, kodula moto pakokha munthu akalowetsa revesi, chifukwa ovadiraivi ikabwerera m'mbuyo ili yotsegula imadzitafuna m'kati. Ababa ankakatchula kuti mlonda. Kathu kanali kakufa, ndipo katsopano anali ataitanitsa kwa mnzawo wa ku Limbe.

"Asiyatu mama, mpaka mlonda afike, mlonda ndiwe," anandiuza. "Ukaona dzanja langa likupita ku revesi, uzinena kuti zimitsani. Ngakhale ndikulankhula ndi shehe, undidule mawu."

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Nthawi zina ababa ankasuntha dzanja mwadala kuti andiyese, ndipo sanandipezepo ndikusinza.

Mlonda asanafike, ababa anadwala chibayo, ndipo sabata isanathe tinawaika m'manda. Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire, itangotha, mbale zisanaume n'komwe, akulu awo, Che Saidi, anabwera ndi anyamata awo. Anati katundu wa mng'ono wawo ndi wa kumtundu kwawo, ife tili ndi amalume athu. Ananyamula bokosi la zipangizo, natenga makiyi a galimoto pa msomali. Awa ndi munthu amene masiku onse ankanyoza galimotoyo kuti ndi chiphapha chodyera ana chakudya. Ndinathamanga n'kukagwira chitseko chake ndi manja onse awiri. Iwo anandimasula zala chimodzichimodzi, osapsa mtima n'komwe.

"Choka apa iwe. Mwana wamkazi ndi galimoto zikugwirizana pati?"

Ndinawada Che Saidi kuyambira tsikulo, ndipo chidani cha mwana sichikhala ndi zina zochita, chimangodikira. Mlonda uja anafika pambuyo pake, atakulungidwa m'nyuzipepala, ndi kondakitala wa basi ya ku Limbe. Ndinamubisa m'thumba la mabuku anga osauza munthu.

Mwayi unabwera ndi ndowa, ukwati wa Chisilamu, ya mwana wamkazi wa Che Saidi, amene ankakwatiwa ku Nkope. Amayi anaitanidwa kukaphika ndipo anatsogola pa lole. Ine anandiika kumbuyo kwa Abiti Mangalande kuti ndizikupiza mkwatibwi. Mipando inkanunkhirabe ababa. Titadutsa Makokola, msewu utawongoka, Che Saidi analoza kaswichi kaja.

"Iwe mwana wa malemu, aka n'kachiyani? Bambo ako ankakonda kukagwiragwira."

"N'kothamangira, ababa aakulu. Mukatsegula, injini imapuma."

Sindinaname. Ndinangowapatsa theka la malangizo, theka lina n'kusunga. Anatsegula, solenoidi inalira pansi pa mapazi athu, galimoto n'kuyamba kuyenda mofewa. Che Saidi anaseka, nawongola kofiya wawo, n'kumauza mnzawo wa pampando wakutsogolo kuti galimoto zakale zimafuna mwini wodziwa.

Ku Nkope anthu anali atadzaza. Azimayi anatichingamira ndi nthungululu, ana akuthamangira m'mbali, ndipo Che Saidi, pofuna kuti aliyense awaone, anapitirira pa msasa wa akwati mpaka kukaima pafupi ndi thandala la usipa. Panalibe potembenukira. Ndinaona dzanja lawo likuchoka pa chiwongolero kupita ku giya, ndendende ngati mmene linkachitira la ababa. Mawu aja anakwera okha mpaka pa lilime. Ndinaluma mlomo.

Phokoso lake linali ngati chigayo chameza mwala. Galimoto inanjenjemera, n'kuima. Anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, matayala osasuntha. Anyamata anakankha mpaka thukuta kamukamu, koma ayi ndithu. Mkwatibwi anatsika n'kuyenda mumchenga wotentha nsapato zili m'manja, nthungululu zitazima. Mayi wina wa kuchimuna ananena mokweza kuti katundu wa amasiye salowa revesi, ndipo anthu anafa nalo phwete. Che Saidi anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto ngati pali chimene akudziwa, kofiya n'kugwera m'fumbi. Mpunga wa pa ndowa imeneyo ndinaudya mbale ziwiri, ndipo mpaka lero sindinadyepo wina wokoma choncho.

Amayi anali ataona nkhope yanga. Pobwerera, tikudikira matola m'mbali mwa msewu, anandifunsa osandiyang'ana.

"Unakhala chete eti?"

"Eya."

"Awo zawayenera, sindingawamvere chisoni. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, mwanawe. Khoswe uja wangochita manyazi, mawa adzuka bwinobwino. Mkhate unali wa bambo ako."

Abiti Mangalande sanachokenso ku Nkope. Ovadiraivi yamtundu umenewo inali yosapezeka m'dziko muno, ndipo Che Saidi anagulitsa matayala ndi batire, zotsalazo n'kusiyira dzimbiri ndi mbuzi. Mkuluyo anakhalabe ndi moyo zaka zambiri, ali wonenepa, akupita ku Juma, mapemphero a Lachisanu, pa njinga ya kabaza.

Lero ndimakonza magetsi a galimoto pa malo omwe aja ankakonzera ababa. Che Saidi sindinawakhululukire, ndipo amene akufuna kundilalikira za zimenezo ayambe wamasulidwa zala pa chitseko cha bambo ake. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pobwezera munthu, uyambe waona chimene munthuyo wakhalira. Ababa sanandiike kuti ndizilondera akulu awo, anandiika kuti ndizilondera galimoto. Mlonda wa ku Limbe uja ali m'bokosi langa la zipangizo, akadali watsopano. Ndikamadutsa ku Nkope sindiyang'ana kumene kuli chiphaphacho, koma pakamwa pamanena pokha kuti zimitsani.