Funso Limene a Fakiri Sanafunse

Ku Nkhotakota kuno, ukaona a Fakiri avala mkanjo woyera pakati pa sabata, dziwa kuti pali mnyamata wina amene mtima uli m'mwamba. Ntchito yawo yeniyeni ndi kusoka maukonde, koma anatchuka ndi unkhoswe. Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindikuwanamizira ayi: bambowa anali ndi matama.

Mtsikana wa kubanja kwawo akafunsiridwa, sankathamangira kuvomera. Ankakwera kabaza kupita kwawo kwa mnyamatayo, kaya ku Bua kaya ku Dwambazi, n'kukakhala pamsika ngati wogula mpunga. Kumeneko ankacheza ndi amayi ogulitsa, anthu amene chinsinsi chimawayabwa pakamwa. Kodi m'banjamo muli khunyu? Muli misala? Nanga akuba? Amuna ake amamenya akazi? Pobwera ankadzigunda pachifuwa. "Safunsa anadya phula," ankatero. "Ine ukwati ndikamanga, ndamanga."

Ndi mmene anamangira ukwati wa Rahila, mwana wa mlongo wawo, ndi Tahiru, mnyamata wokhoma mabwato ku Bua. Anafufuza mpaka za agogo ake amene anamwalira kalekale, osapeza banga. Tinavina, tinadya mpunga wa nyama ya mbuzi, ndipo a Fakiri tsiku limenelo ankayenda ngati mzikiti anamanga ndi iwo.

Mwana woyamba, Hussein, asanayambe n'kukwawa komwe anatupa timanja ndi timapazi. Ankalira kulira kosatonthozeka, maso ali achikasu. Anamwalira asanakwanitse zaka zitatu. Kenako kunabadwa Laila, ndipo zomwezo zinayambiranso.

Apa ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi. Akuchimuna anati Rahila ali ndi magazi oipa. A Fakiri anadzuka pamkeka mwaukali.

"Kwathu kulibe zimenezo! Mwandibisira ndinu, anthu a ku Bua inu!"

Ine ndinkamva zonse ndili kuseri kwa mpanda, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Rahila ndi Tahiru ankakondana, koma pamsonkhanopo sanalankhule n'kamodzi komwe. Mawu a akuluakulu ndi amene anakula, mpaka Tahiru, pomvera abale ake, anapereka talaka, mawu achisilamu osiyira mkazi. Ukwati unatha pakhonde pomwe unayambira.

Patapita miyezi Laila anagonekedwa kuchipatala kuti amuwonjezere magazi, ndipo dokotala anaitana a Fakiri pambali. Anawauza kuti matendawa ndi sikoselo. Mwana amadwala akatengera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, osati mbali imodzi. Makolowo amakhala athanzi, osadziwa kanthu, koma kuyezetsa magazi asanakwatirane kumaonetsa.

A Fakiri anabwera wapansi tsikulo, ngakhale akabaza ankawaimira. Anakhala pamaukonde awo osagwira singano.

"Mayi," anandiuza, "ndinafunsa za akuba, ndinafunsa za misala. Phula ndadyabe. Ndiye ndinakalalatira anthu osalakwa, mwana n'kumulanda bambo ake."

Anapita ku Bua kukapepesa, koma anapeza Tahiru atakwatira kale.

Kuyambira pamenepo matama anawathera, ndipo moyo wawo wonse unakhala Laila. Amamutcha mkazi wawo, monga achitira agogo, iye n'kumawayankha kuti safuna mwamuna wonunkha usipa. Mwera ukayamba kuwomba, iwo ndi amene amayamba kuda nkhawa, chifukwa kuzizira kumadzutsa ululu wa m'mafupa. Amamuletsa kusamba kunyanja, amamukakamiza kumwa madzi. Ululu ukamugwira amamubereka okha kumsana, mtsikana wamkulu wa kusukulu, nkhalamba miyendo ikugwedera.

Unkhoswe sanausiye, koma kumsika sapitakonso. Mwezi wa Juni chaka chino kunabwera Yasini ndi Fauzia, achinyamata ofuna kumanga banja. Ine ndinali pomwepo ndikupeta mpunga, Laila atakhala pambali pa agogo ake.

"Kayezetseni kaye sikoselo, nonse awiri," anatero a Fakiri. "Mukabwera, mkanjo ndivala."

"Nanga tikapezeka nayo tonse?" anafunsa Yasini.

"Mudzasankha nokha, mwanawe. Koma musankhe mukudziwa."

Awiriwo atapita, Laila anayamba kuseweretsa ulusi wa ukonde.

"Agogo, amayi ndi ababa akanayezetsa, akanakwatirana?"

"Kaya, mkazi wanga. Mwina ayi."

"Ndiye ine ndikanakhala kuti?"

Lichero linaima m'manja mwanga. Munthu amene moyo wake wonse anali ndi yankho pa nkhani iliyonse ya ukwati ndinamuona misozi ikutsikira m'ndevu. Kenako anavula jekete lawo n'kumufunditsa Laila, chifukwa mphepo inali itayamba kuchokera kunyanja.