Bambo Damiano ndi Manda a Kumunsi

Bambo Damiano anabadwira ku Mphuka, m'banja limene kale linkaopedwa. Kholo lawo linali mkulu wa Achikunda ku Feira, mwini mfuti, minyanga ndi akapolo. Chuma chinatha kalekale, koma dzina linatsala, pamodzi ndi manda a pachitunda, oikamo a m'banjamo okhaokha. Zidzukulu za akapolo zinkaikidwa kumunsi, kumene Zambezi amafika akasefukira.

Atabatizidwa ali mnyamata, Damiano anayamba kukumba nawo manda kumunsiko pa maliro alionse. Mlongo wake wamkulu, Estela, amene anamulera mayi awo atamwalira, zinamuchititsa manyazi. Anamuuza kuti mdzukulu wa mbuye sagwira khasu pa manda a kapolo.

"A sisi," anayankha Damiano, "agogo athu anawagula anthu awa ali moyo. Lekani ine niwaikeko bwino."

Estela anali wouma mutu ngati kholo lakelo. Analumbira kuti sadzapondanso pakhomo pa Damiano, ndipo n'zachisoni kuti lumbiroli analisunga kuposa mmene ambiri a ife timasungira malonjezo a ubatizo.

Damiano anakwatira, anawedza nsomba, anatsogolera mapemphero ansembe akalephera kufika. Anaika m'manda mkazi wake, kenaka maso anayamba kuchita mdima, koma palibe anamumva akudandaula. Akapha nsomba, yaikulu ankaitumiza kwa Estela. Poyamba inkabwezedwa. Pambuyo pake inkalandiridwa, koma popanda zikomo. Mumtima Estela anali atafewa kale. Chimene chinkamulemera chinali kuyamba iye kupita kwa mlongo wakeyo.

Atamva kuti Damiano wadwala, anati adzapita mawa. Mawalo Damiano analandira Ukaristia, napempha kuti adzamuike kumunsi, ndipo anagona mwamtendere. Estela anafika atamutseka kale maso. Omudwazika anamuuza kuti chitseko chikangotseguka, wodwalayo ankafunsa ngati ndi a sisi.

Pa maliro anabwera anthu a midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje, mpaka makasu anachepa. Ife a mpingo, Damiano anatisiyira chitsanzo chimene sitinachifikebe. Estela anatsika ndi ndodo yake kumanda amene anali asanapondeko chibadwire, naima pamphepete pa dzenje nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira okumbawo.

"Ana anga, munisiyireko malo apa pambali pake. Pakhomo pake ninakana kubwera."