Kwathu kwa Bodza ku Phalombe

Ndine namwino pachipatala china ku Bangwe, ndipo ndinanamizapo wodwala. Anali amayi achikulire amene ataona jakisoni anayamba kunjenjemera, mpaka kubisa mkono m'chitenje. Pofuna kuwakhazika mtima pansi, ndinawafunsa kwawo.

"Ku Phalombe, mwanangu."

"Aa, inenso kwathu n'komweko!" Mawuwo anangondipulumuka. Chonsecho ndinabadwira ku Ndirande, ku Phalombe sindinapondeko.

Anaseka n'kutambasula mkono. Atafunsa dzina la mudzi wathu, ndinanamizira kufunafuna thonje.

Tsopano akabwera amakana anamwino ena, amati akudikira mwana wa kwawo. Dzulo anandibweretsera nandolo m'kajumbo. Ndinalandira ndi manja awiri, maso ali pansi chifukwa cha manyazi.

Iwo anauza odwala anzawo pabenchi, "Mwauona ulemuwo? Ndi wa kwathu umenewo."