Dothi Lopita ku Mangalande

Chinali chaka cha 1983, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 yakale, ndipo sindichita nazo manyazi. Kalata ndimawerenga ndekha, sikelo ya thonje sandiwerengera munthu. Ndinkalima thonje ndi mapira kwa Makhuwira, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo khola langa silinali lopanda kanthu.

Mwana wanga woyamba ndiye anapita nayo patali sukulu. Atamaliza digiri ku Zomba, boma linamutumiza ku Mangalande kukatenga yachiwiri, imene amati masitazi, ya kemisitiri. Ndege ndi chakudya zinali za boma. Koma munthu sakwera ndege atavala zigamba. Ndinagulitsa ng'ombe yamphongo, tinamugulira suti, jekete lolemera ndi sutikesi.

Makalata ake oyamba anali madandaulo okhaokha. Kukuzizira. Dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Akudya kachewere tsiku ndi tsiku. Ndinamuyankha kuti sindinagulitse ng'ombe kuti azindiuza za nyengo, andiuze nambala imene wakhala m'kalasi. Anati kulibe kalasi, kulibe nambala, kulibe mayeso a pa teremu. Ali ndi mphunzitsi mmodzi amene amaonana naye kamodzi pa sabata, masiku ena onse amakhala mu labotale kuyeza zinthu m'timabotolo. Pamapeto adzalemba buku limodzi. Likakomera akuluakulu, digiri yapezeka. Likapanda kuwakomera, basi. Sukulu yotere sinandisangalatse.

Kuchigwa kuno kuli minda imene dothi lake limatuwa m'chilimwe ngati mwawazapo ufa. Ndi mchere. Thonje likamera pamenepo limapinimbira, masamba n'kupsa m'mbali. Buku la mwana uja linali la mchere umenewu: ndi wamtundu wanji, ukuchokera kuti. Dothi limene ananyamula popita linamuthera ntchito ili pakati. Ndiye kunabwera kalata yondituma ine.

Nditape dothi m'minda yosiyanasiyana, kuyambira m'tsinde mwa phiri mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Pamalo paliponse nditape lapamwamba, kenaka ndikumbe mpaka mkono ulowe wonse, nditapenso lapansi. Lililonse likhale m'kathumba kakekake, ndilembepo malo ake, liume pamthunzi. Mawu akuti musasakanize anawalemba ndi zilembo zazikulu, n'kudula mzere kunsi kwake. Zonsezi zichitike mvula isanagwe, chifukwa mvula imatsitsira mchere pansi. Dothi likapanda kufika, nthawi imene boma linamupatsa idzatha, iye adzabwera chimanjamanja. M'envulopu munalinso pepala la chidindo la kusukulu kwake, loti ndikaonetse potumiza.

Ndinayamba mu Okutobala. Wodziwa dzuwa la kuno mwezi umenewo sangandifunse chifukwa chake ndinkadzuka mbandakucha. Ndinkatenga khasu, timatumba ta pulasitiki ndi pensulo, n'kumalowa m'minda. Sindinapemphe munthu. Dothi lodzaza dzanja limodzi n'lopempha? Minda inali yosabzala, ndipo dzenje lililonse ndinkalikwirira bwinobwino.

M'mawa wina mayi wopita kukatunga madzi anandipeza nditagwada m'munda mwa alamu anga, mkono uli m'dzenje mpaka paphewa. Sanandipatse moni. Anabwerera ndowa ili youma.

Alamu angawo anali mlongo wa mkazi wanga, ndiye kuti malume ake a mwanayo. Pamowa ankadziguguda pachifuwa kuti mwana wawo ali ku Mangalande, chonsecho ngakhale pensulo sanamugulirepo. Anafika pakhomo panga dzuwa lili paliwombo, ali ndi eni minda ena awiri. Mpando anaukana.

"Mwaswera bwanji, alamu?" ndinatero.

"Ife taswera. Koma minda yathu kaya yaswera bwanji, mukudziwa ndinu."

"Nenani chimene mwadzera."

"Chaka chatha mvula inali imodzi, mbewu inali imodzi. Thonje lanu linadzaza ngolo, langa linakwana panjinga. Timati ndi khama. Kani ndi timatumba!"

Kuno munthu akatapa dothi m'munda wa mnzake mbandakucha, mbewu zisanalowe pansi, tanthauzo lake ndi limodzi: akukawa, kukoka zokolola za mnzake mwamatsenga kuti zikadzaze nkhokwe yake. Ine ndinali mkulu wa mpingo. Zoterozo m'mutu mwanga munalibe.

"Thonje langa linadzaza ngolo chifukwa ndinkapopera pa nthawi yake, inu muli ku kachasu," ndinawayankha.

"Mwamva? Akutukwananso!"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kalata, ndinawawerengera yonse. Mmodzi mwa awiri aja, Msena wa ku Chiromo amene anakwatira m'mudzi mwathu, anapukusa mutu.

"Nkhabe, baba, ayi ndithu. Azungu asowa dothi kwawo? Dziko lonse lija ndi la simenti?"

"Akufuna la kuno."

"La kuno lili ndi chiyani?"

"Mchere."

"Mchere uli kugolosale. Mugulireni paketi."

Anafuna kuti dothi lililonse ndikalibweze m'munda mwake, iwo akuona. Ndinakana. Nkhani inakafika kwa tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, ndipo masiku amenewo nkhani ikafika kumeneko chakudya sichinkatsika pakhosi. Iye za kukawa analibe nazo ntchito.

"Bambo, dothi la dziko lino mukulitumiza kunja. Kwa ndani? Kunjako kuli anthu amene anathawa boma. Mukuwauza pamene pali minda yathu?"

Ndinamuonetsa pepala la chidindo lija, ndinamukumbutsa kuti mwanayo anatumizidwa ndi boma lomwelo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka maso ake anachoka papepala n'kupita kukhola la mbuzi. Anati msonkhano wayandikira, ndipo alendo sadya masamba. Mbuzi inapita. Alamu anatenga yachiwiri, akuti yoziziritsira munda. Awiri aja anagawana yachitatu. Dothi linatsala m'manja mwanga.

Ndinandandalika timatumba pakhonde, pamthunzi, totsegula kukamwa, kalikonse ndi kapepala kake. Ndinauza mkazi wanga kuti nkhuku zisafikepo. Ndinapalasa njinga kupita kuboma ku Chikwawa kukafunsa za katumizidwe, ndipo ndinagona konko.

Pobwera ndinapeza khonde litasesedwa. Pafupi ndi chitseko panali thumba limodzi la ufa, lochapidwa, losokedwa kukamwa mwaluso. Mkazi wanga anakhala pambali pake, nkhope ili ngwee.

"Timatumba tili kuti?"

"Ndatitsuka, tili pachingwe."

"Dothi?"

"Si ili. Munali mizu, miyala, ndowe za mbuzi. Ndatola zonse, zibuma ndasinja mumtondo, ndasefa kawiri. Tagwirani muone, ngati ufa woyera."

"Mwasakaniza?"

"Nanga dothi si dothi? Inu abambo ake, mumafuna mwana wanga akamasule zinyalala pamaso pa azungu? Anene kuti kwawo kulibe mayi?"

Mkazi ameneyu sanatumizepo kwa mwana chinthu chosapeta. Nyemba zopita kusekondale ankazisankha imodziimodzi. Ndinamuwerengera mawu odulidwa mzere aja.

"Mukanandiwerengera kale," anatero. "Inu mumati makalata a sukulu ndi a amuna."

Ndinakakhala kukhola mpaka ng'ombe zinabwera kubusa.

Mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a Thyolo. Panalibe kuchitira mwina koma kuyambiranso, ndipo ulendo uno masana, eni minda ali pomwepo. Ndinayenda khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja. Ine. Mudzi wonse unali utadziwa kuti mbuzi zinayenda, choncho munda uliwonse unali ndi mtengo wake: nkhuku. Ena ankakana kuti ndigwire khasu m'munda mwawo, ankakumba okha, pang'onopang'ono, akupumula, ine ndili chilili padzuwa ndi pensulo yanga.

Alamu anavomera msanga, nkhuku ili kukhwapa. Ananditsogolera molunjika kuchulu, pamene dothi lake ndi lakuda, lanthaka.

"Tapani apa."

"Mwana akufuna potuwa paja."

"Potuwa? Munda wanga ukalembedwe ku Mangalande ndi dothi lodwala? Azungu aziti malume ake amalima pamchere?"

"Ndi pomwe mumalima."

"Tapani pachulu, apo ayi tulukani m'munda mwanga."

Tinakangana mpaka mithunzi inatembenuka. Pamapeto ndinatapa ponse pawiri, pachulu ndi potuwa, ndipo potuwapo panadya nkhuku inanso. La pachulu ndinalikhuthula m'njira, nditangokhota pamene samandiona.

Ndinali nditatsala ndi madimba a m'mphepete mwa mtsinje pamene mvula inagwa. Inagwa ngati ili ndi mlandu ndi ine. Khasu ndinali nditalisiya m'bango kuti ndidzapitirize m'mawa. M'mawa mwake panalibe bango, panalibe dimba, panalibe khasu. Panali madzi ofiira okhaokha.

Dothi limene ndinali nalo ndinaliumitsa m'chipinda changa, chitseko chili chokiya, kiyi ali m'thumba. Ndinalilongedza ndekha m'bokosi. Anzanga akubzala ndi mvula yoyamba, ine ndinali kuboma pamzere, bokosi la dothi lili pamiyendo, ndikudikira chidindo cha bwana amene anapita kumaliro. Wina pamzerepo anandifunsa chimene ndanyamula. Ndinati ndi katundu wa sukulu. Thonje langa ndinabzala mochedwa, ndipo chaka chimenecho la alamu ndilo linadzaza ngolo. Iwo anauza aliyense kuti mbuzi ija inagwira ntchito.

Yankho la mwana linabwera mapira atatulutsa ngala. Dothi lafika bwino. Koma popeza la kumtsinje mulibe, mphunzitsi wake wati gawo lina la buku lisinthidwe, ndipo ntchito italikirapo miyezi ingapo kupyola nthawi ya boma. Kuti adye m'miyezi imeneyo, wapeza ganyu yotsuka mbale m'hotela. Munthu wa digiri, kutsuka mbale za anthu osawadziwa. Pakhomo pano sanatsukepo ngakhale chikho. Kalata imeneyi amake ndinawawerengera yonse, osadumpha liwu. Analira. Ndinati, mumafuna kumva makalata, imvani.

Mwana uja anakhoza. Anatsika basi atavala jekete lolemera lija, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. M'sutikesi anatulutsa buku lachikuto chakuda, lolemera ngati njerwa. M'kati munali manambala, mizere yokwera ndi yotsika, ndi mapu a dera lathu okhala ndi timadontho. Kadontho kalikonse ndinakazindikira. Ndinkadziwanso nkhuku imene inafera pa kalikonse.

Patsamba loyamba panali dzina langa. Ananditanthauzira kuti akuthokoza bambo ake amene anatapa dothi mosamala.

"Amako mulibe?"

"Alimo, apa."

"Awathokoza chiyani?"

"Chisamaliro chawo."

Ndinatseka buku.

Paphwando lomulandira alamu anavina kuposa aliyense. Anakwera pampando n'kulengeza kuti dothi la pachulu pawo lakwera ndege, lagona ku Mangalande, azungu aligwira ndi manja awo n'kudabwa. Ndinawasiya. Msena uja anagwira mwanayo dzanja nthawi yaitali, nati takhuta, zikomo wa Chisena, kenaka anamufunsa ngati mchere uja unakwanira.

Anthu atabalalika ndinatengera mwana wanga kumunda, ndinamuimika potuwa.

"Tsopano waphunzira. Apa pachira?"

Anati mchere wake waudziwa, ndipo njira yake ilipo: ngalande zakuya zotulutsa madzi a pansi, ndi ufa wa mwala wina woyera umene kuno sugulitsidwa. Koma kuti atsimikize bwino pafunika kafukufuku wina, wa digiri yachitatu, ndi dothi lochuluka kuposa lija.

Ndinamuuza kuti la digiri yachitatulo akatape yekha.

Anapeza ntchito yabwino mumzinda, ndipo sanatiiwale. Bukulo lili m'sutikesi momwemo, njenjete sizinalikhudze. Potuwa paja mpotuwabe.

Zimene zinapita ndi izi. Ng'ombe imodzi. Mbuzi zitatu. Nkhuku zisanu ndi zinayi. Khasu limodzi, lakale, lachitsulo chenicheni. Theka la thonje la chaka chimenecho. Ndipo mpaka lero, ndikamadutsa m'mawa m'mphepete mwa munda wa munthu, mwini wake amaleka kulima, amandipatsa moni waulemu, maso ake ali pa manja anga.