Chinjoka cha Ndevu Chinali Apongozi

Buku limenelo ndinaligula pa kaunjika ku Limbe, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu. Inali nthano ya ku China: munthu wa chipewa ngati lichero, bakha m'khwapa, ndi chinjoka cha ndevu ndi miyendo. Mawu ake Chingerezi chokhachokha. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye ndinkangoyendetsa chala pansi pa mizere, pakamwa pakutuluka zanga. Wachipewayo ndinamusandutsa mnyamata wa ku Ntcheu wopita kukafunsira mbeta. Chinjokacho, apongozi.

Chaka chatha mwanayo, amene tsopano ali pa ntchito yaikulu ku Nairobi, anandiitana kuti ndikaonetse bondo kuchipatala. Lamlungu titabwerako kutchalitchi, tili pabalaza kunyumba kwake ku Kilimani, ndinangoona buku lija latulukira, chikuto chomatamata ndi selotepi.

"Ababa, muwerengereni mdzukulu wanu."

Ndinamuyang'ana. Munthu wa madigiri awiri, kuwolotsa malire buku long'ambika, atsopano ali mbwee pashelefu? Apa panali msampha. Ankafuna andigwire bodza pamaso pa mkamwini, amene ndakhala ndikumuuza kuti ndinali kalaliki ku esiteti ya tiyi.

"Magalasi ndinaiwala ku Malawi," ndinatero, magalasiwo ali chisuzumire m'thumba la malaya.

Mkamwini analandira bukulo ndi manja awiri n'kuyamba kuwerenga, uku akumasulira. Kani chinjokacho chimabweretsa mvula! Kani bakhayo ndi mphatso yopita kwa mfumu! Zaka makumi atatu ndikunamizira apongozi osalakwa. Ndinkangodikira kuti mwana wanga acheuke andiyang'ane.

Mdzukulu, kamtsikana kogweluka mano, kanayasamula. "Adadi, si choncho. Apongozi aja ali kuti?"

Ndinadzidzimuka. Ndiye kuti amake akhala akukauza nthano yanga ija.

"Abambo a mwana, mukuwononga nkhani," anatero mwana wanga osandiyang'ana. "Zolembedwazo ndinaziwerenga ndekha ndili Sitandade 5, sizikoma. Apatseni eni ake."

Sitandade 5! Mwana wachinsinsi chotere ndi woopsa.

Ndinatulutsa magalasi n'kuvala pang'onopang'ono.

"Afika liti magalasi, Bambo?" anafunsa mkamwini, nkhope ili duu.

"Pa matatu, minibasi yanu ya masana ija."

Sanaseke, ndipo kusasekako mpaka lero sindikukukhulupirira. Ndinaika chala pa mzere woyamba, iye akuchiyang'anitsitsa, n'kuuza mdzukulu kuti lero apongozi akufuna abakha awiri.