Botolo la m'sokosi

Botolo lija linkagona m'sokosi. Eya, sokosi yeniyeni, yaubweya, yotuwa, yobooka pachidendene. Amalume anabwera nalo kuchokera ku Joni ndili sitandade faifi, ndipo malamulo ake ankaposa a kusukulu. Lisaime chilili, ligone chammbali. Lisaone dzuwa. Lisayandikire mbaula. Malo ake anali kunsi kwa bedi, chakukhoma. Mpaka lero, ine amene ndimadya ndi foni, kugona ndi foni, ndikangoona chithunzi cha botolo lakuda la khosi lalitali, chala chimaima chokha. Fungo la chipinda chija limabwera lonse: bulangeti lachinyezi, utsi wa nkhuni za paini, mankhwala a chifuwa.

Inali nyengo yozizira, kwathu kuja kumunsi kwa Chongoni, kumene nkhungu imatsika m'phiri n'kukhala pakhomo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Amalume anafika ataonda, jekete ikungolendewera, akutsokomola. Anthu ankadikira njinga, malata, kaya kawayilesi. Iwo anatsika ndi chikwama chimodzi, foni yosweka galasi, ndi botolo. Basi.

Koma matama, aise! Wodwala wamatama ngati amene uja sindinamuonenso. Ku Joniko anagwirapo ntchito m'munda wa mphesa, kenako kutsuka matambula m'lesitilanti, ndiye ankadziona ngati anamwa nawo zonse zimene ankatsukazo. Anzawo akale akabwera kudzawazonda atabisa kachasu m'thumba, iwo ankamununkhiza munthu asanalowe n'komwe. “Zotsukira mabala zisiyeni panja,” ankatero. Masese ankati ndi phala la anthu aulesi kutafuna. Za wayini ndiye ankatsitsa mawu ngati akupemphera. “Wayini sathamangiridwa. Umayamba wanunkhiza chotsekera chake. Ukatero umuzunguze m'tambula, umusiye apume, ndiye umwe.” Tsiku lotsegula botololo analinena kale: tsiku limene adzachire n'kukwera phiri ndi miyendo yawo.

Aphunzitsi athu, amene analinso mkulu kutchalitchi, ankabwera kawirikawiri akaweruka. Iwo anali a wisiki. Ankati munthu wophunzira amamwa wisiki, ngakhale ine sindinawaonepo akumwa china kupatula tiyi. Awiriwa ankakangana mokoma, makamaka amalume akayatsa hipi hopu pafoni.

“Kodi ameneyu akuimba, kapena akulongolola ndi apongozi ake?”

“Aphunzitsi, makutu anu anakalambira pa limba la kutchalitchi. Asiyeni apume.”

Ine ndiye amalume anandisankha kukhala wophunzira wawo. Hedifoni imodzi khutu langa, inayo khutu lawo, mitu itagundana, bulangeti mpaka m'khosi. “Uyu ndi wabodza, akungotchula magalimoto amene alibe. Dumpha. Uyu ndi weniweni.” Chizungu chake sindinkamva olo liwu limodzi. Ankati ndisavutike nawo mawu. “Mvera pomwe akupumira. Wabodza amapuma paliponse. Weniweni amabisa mpweya, sungamugwire.” Lero pagulupu anzanga amati ndine mtsikana wovuta, nyimbo iliyonse ndimaipeza chifukwa. Zoona, ndinatengera. Koma chimene sindiwauza n'choti khutu langa linalo, lopanda hedifoni lija, linkamva mpweya wina. Unkalira m'chifuwa mwa amalume ngati ketulo ikayamba kuwira.

Amayi sankati wayini. Ankati vinyo, ndipo kwa iwo vinyo anali ndi kwawo kumodzi kokha: paguwa, m'chikho, m'manja mwa wansembe. Chibadwire anali asanamuonepo kwina. Kuti chinthu chotero chizigona kunsi kwa bedi pamodzi ndi nsapato, zinkawasowetsa mtendere. Mankhwala a kuchipatala ankamwedwa, koma chifuwa osasintha. Ndiye linafika Lamulungu loti mphakati wathu ndiwo upereke mitulo, ndipo amayi anali atapempha kuti pa Misa imeneyo atchule dzina la mchimwene wawo.

M'mawa umenewo amalume ali mtulo, amayi anagwada n'kukwawira kunsi kwa bedi. Ndinkawaona ndili pakhomo. Anasolola botolo m'sokosi, n'kulowetsamo lina la madzi, n'kuligoneka chammbali bwinobwino monga mwa lamulo. Atatuluka anandigwira phewa. “Chimene munthu amachikonda kwambiri ndicho chimamveka msanga kumwamba. Akachira adzatithokoza.” Maganizo awo anali akuti vinyo ameneyu akasanduka Magazi a Ambuye, mwini wake sangafe.

Ndinalinyamula ndine, m'lichero, pansalu yoyera. Kutsogolo kwanga mazira, kumbuyo kwanga nkhuku ndi mbatatesi, ng'oma zikulira, tonse tikuvina pang'onopang'ono kulowera kuguwa. Ndinkanyada koopsa! Amene ankalandira mitulo anali aphunzitsi. Ataona botolo anasiya kuimba. Analitembenuza, kuwerenga pepala lake, kundiyang'ana, kuyang'ana amayi. Kenako analiika pambali, pakati pa mazira ndi kabichi.

Lero ndikudziwa kuti vinyo wa Misa ndi wina, amakhala atakonzedwa kale. Wathu uja anangopita ndi mazira kunyumba ya ansembe. Palibe anaba, palibe ananama, mitulo imayenda choncho. Koma amayi sankadziwa. Chikho chitakwezedwa, belu likulira, anagwa nkhope pansi n'kulira mokweza, akukhulupirira kuti ndi wa mchimwene wawo. Aphunzitsi sanawauze. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso za wisiki kwathu.

Amalume sanachire. Sipanapite nthawi, kudzuka kunayamba kuwakanika. Tsiku lina dzuwa linakana kutuluka, nkhungu inaphimba mpaka nkhokwe, ndipo chakumasana amalume anaitana.

“Achemwali, tatsegulani lija.”

Amayi anauma pakhomo. “Si munati mpaka mukwere phiri, achimwene?”

“Phiri latsika lokha. Simukuliona pawindopo?”

Amayi anawerama, kutulutsa chinthucho kunsi kwa bedi atachiphimba ndi chitenje, n'kuthamangira kukhitchini. Ndinawatsatira. Machesi anathyoka angapo moto usanayake. Anatapa chidede chouma, timaluwa tofiira towawasa tija, n'kuwiritsa mpaka madzi anada ngati magazi. Anasefa pakansalu, kuziziritsa posinthanitsa makapu. Kenako mayi anga, munthu wa kolona, anadutsa kuseri kwa nyumba kupita kwa mayi wina wotcheza kachasu, n'kubwera ndi kadontho m'kapu. Zotsukira mabala zija. Anathira zonse m'tambula yagalasi, imodzi yokhayo imene tinali nayo.

“Ndatsegulira kukhitchini,” anatero atabwerera kuchipinda, maso ali pansi.

Munthu wonunkhiza kachasu ali m'thumba la mlendo! Ndinadziwa kuti tagwidwa, tambula iuluka, ndipo amayi sadzakhululukidwa.

Amalume anailandira ndi manja awiri. Anaikweza chakuwindo, kuyang'ana kufiira kwake. Anaizunguza. Analowetsa mphuno n'kukhala choncho nthawi yaitali, yaitali zedi, ketulo ija ikulira m'chifuwa. Ndiye anamwa pang'ono, kutsinzina.

“Ameneyu ndiye wayini,” anatero. “Wapuma bwino. Achemwali, lawani.”

Amayi, amene mowa anali asanaulawepo, analawa. Anatsokomola, amalume n'kuseka mpaka nawonso kutsokomola. Anandiuza ndiyatse nyimbo ya weniweni uja, pasipika, amayi amve nawo. Tinakhala atatu, nkhungu pawindo, munthu akulankhula Chizungu chothamanga m'kafoni kosweka. Phazi la amalume linali litatuluka m'bulangeti. Ndinaliona, ndinalifunditsa.

Anamwalira kuzizira kusanathe.

Ndinene zoona, kumaliro mtima wanga unali ndi mkwiyo wachibwana. Ndinkati, kani nawonso anali wabodza? Matama onse aja, malamulo onse aja, n'kulephera kusiyanitsa wayini wa ku Joni ndi chidede cha kuseri kwa khitchini? Ndinkati amangotchula magalimoto amene alibe. Amayi ndiye anapeza mtendere wawo. Mpaka lero amati Mulungu anatseka mphuno ya mchimwene wawo kuti apite osakhumudwa, ndipo ine sindiwatsutsa.

Koma nyimbo ikamalira m'makutu mwanga, m'minibasi kaya pamzere wa chigayo, ndimapezeka ndikusaka pomwe woimba akupumira, kenako ndili m'chipinda chija. Ndimaona zonse monga zinalili. Munthu amene ankati umayamba wanunkhiza chotsekera, tsiku limenelo chotsekera sanachifunse. Ndipo ndimaona phazi lija. Linali litavala sokosi yaubweya, yotuwa, chidendene chili pamtunda. Analivula liti sokosiyo botolo la madzi lija, anakwawa bwanji kunsi kwa bedi ndi chifuwa chimene chija, anakhala masiku angati akudziwa, sindidziwa.

Ine ndinali mwana. Ndinaiona sokosiyo ndi maso angawa, ndipo chimene ndinaganiza n'choti amalume akumva kuzizira kumapazi.