Inki yobiriwira pa chala cha Tiyamike

Lamulungu lapitali akazi anga anandipeza pakhonde nditayala mapepala ngati wogulitsa mankhwala azitsamba pamsika wa Namitambo. Anafunsa ngati ukalamba wayamba kundizunguza mutu. Ndinawauza kuti ndikuyesa inki.

Amene munaphunzitsapo mukuudziwa mwambo wake. Mphunzitsi wamba amachonga ndi chofiira, koma chobiriwira ndi cha ahedi okha, chosainira masikimu, mapulani a zimene aphunzitsi awo adzaphunzitse. Ine ndinagwira choko mpaka imvi mbuu, n'kupuma ntchito ndi chofiira chomwecho. Tsopano mwana wanga wamkazi Tiyamike amupatsa sukulu yoti aziyendetsa. Mukuti ndikanamugulira bolopeni ya pa okala? Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kubwerako ndi cholembera chomwetsa inki ndi kabotolo kake ka inki yobiriwira.

Nkhawa yanga inali imodzi. Pasukulupo pali abambo ena, aphunzitsi amene anayamba ntchito iye akukwawa, ndipo akungodikira kuti aterereke. Inki ikanamwazika tsiku loyamba kusaina, nkhani ikanafika ku Njuli dzuwa lisanalowe.

Inkiyo ikamatuluka imawala, koma ikauma imaderako ngati tsamba la mango lokhwima, mtundu waulemu wosathobwa m'maso. Pa pepala loyera la mu ofesi inayenda bwinobwino, zilembo zosamera ndevu. Pa kope lotchipa la ana ndiye inandichititsa manyazi: pepala linamwa inki, zolemba n'kuonekera kuseri. Ndinapeza kuti ukapepuza dzanja, osadinikiza, vutolo limachepa. Madzi ndiye sigwirizana nawo. Ndinadonthezerapo pang'ono, dzina langa n'kusungunuka ndikuona.

Chachikulu n'chakuti imachedwa kuuma. Ukasaina uyenera kudikira usanatsegule tsamba lina, ndipo ine apa ndi pamene ndinaikondera.

Kodi ndi mabwana angati m'dziko muno amene amasaina maso ali pa foni? Dzanja likungothamanga, tsamba, tsamba, tsamba. Denga la kalasi likadzasasuka ndi mphepo yoyamba, aliyense amati sanaone kanthu, chikhalirecho dzina lake lili pamenepo. Ndi inki iyi sungathawe. Podikira kuti iume, maso amagwera pa zimene wavomerezazo.

Ndinamupatsa Tiyamike pamodzi ndi malangizo onsewa, iye n'kumangoseka.

"Ababa, mpaka kuithira madzi? Ine ndikasainira mu ofesitu, osati kudimba."

Lachisanu anatsika pa kabaza atatopa. Ndisanamulonjere n'komwe ndinafunsa za inki. Anati sinamwazike. Koma mkati mwa sabatayo, podikira tsamba loyamba la mmodzi wa abambo aja kuti liume, anaona kuti masikimu onse anali okopera a chaka chatha, ndi madeti omwe osasintha. Sanapitirize kusaina. Anawaitanira mu ofesi, n'kutseka chitseko, n'kuwabwezera mwaulemu. M'mawa mwake mkuluyo anabwera nawo atalembanso, ndipo polowa anagogoda n'kunena kuti, "Odi, ahedi."

Sindibisa, mtima wanga unadzaza. Zimene sindinazifikire ine, wazifikira mwana wanga, ndipo akuzigwira bwino.

Posamba m'manja kuti tidye, amayi ake anaona banga lobiriwira pa chala chake chapakati, n'kumutuma mlongo wake kuti akatenge sopo. Ndinamubweza mnyamatayo pakhomo. Ndinati bangalo lisachoke msanga, mawa tili ndi ulendo wa kumsika, ndipo ahedi akayenda pafupi ndi ine.